Kuti external yanu izidzimaunta yokha mukangoyatsa kompyuta ya Linux

Ku kashopu kathu ka mafoto ndi kuprinta tili ndi kalaputopu kakale komwe ndinaikamo Linux Mint, ntchito yake ndi kusunga zinthu basi, zithunzi za ukwati, ma CV a anthu, mapositala a maliro ndi a zinkhoswe, zonse zimapita pa external (disiki yakunja yolumikiza pa USB) ya 2TB yomwe imangokhala pansi pa kauntala. Vuto linali lakuti magetsi akathima kenako n'kubwera, kompyuta imayaka bwinobwino koma external ija osaoneka mpaka munthu alowe ndi pasiwedi n'kukaidina mu Files. Tsiku lina ndinapita kumaliro kumudzi masiku atatu, backup ya usiku inkayendabe, koma poti external inali yosamauntidwa mafayilo onse ankangolowa mu foda yopanda kanthu ya pa disiki ya mkati mwa laputopu. Ndikubwera ndinapeza disiki yadzaza thoo, kompyuta ikukana ngakhale kundilowetsa, pomwe pa external palibe fayilo yatsopano ngakhale imodzi. Mtima unandipweteka kwambiri chifukwa munali zithunzi za ukwati wa anthu zomwe sizijambulikanso kachiwiri. Zinapezeka zonse pamapeto pake, koma kuyambira tsiku lomwelo ndinakonza kuti izidzimaunta yokha, nde ndafuna nanunso muchite musanaone zomwe ndinaona.

Zomwe ndilembe apazi zimagwira pa Ubuntu, Linux Mint, Debian ngakhale pa kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi. Pa Windows nkhaniyi kulibe kwenikweni poti iye amangoipatsa chilembo ngati E kapena F yekha.

Tiyambe tamvana kaye mawu. Kumaunta ndi kulumikiza disiki ku foda inayake kuti mukatsegula fodayo muziona zomwe zili mu disikimo. Mukalowetsa external muli pa desktop, Linux amakumauntirani yekha pa /media/dzina lanu/dzina la disiki, koma izi zimachitika pokhapokha munthu walowa mu akaunti yake. Ife tikufuna imauntidwe pamene makina akuyaka, kaya pali munthu kaya palibe, ndipo nthawi zonse pamalo amodzi omwewo. Chomwe chimayang'anira zimenezi ndi kafayilo kakang'ono kotchedwa /etc/fstab, ndipo ntchito yonse ndi kuwonjezeramo mzere umodzi. Mzere umodzi basi, koma ukalakwika kompyuta imatha kukana kuyaka, nde tiyende pang'onopang'ono.

Choyamba, idziweni disiki yanu ndi dzina lake lenileni. Lowetsani external, tsegulani Terminal, pulogalamu yolembamo malamulo, n'kulemba:

lsblk -f

Muona ma sda, sdb ndi tizigawo tawo sda1, sdb1. Yang'anani yomwe ili ndi dzina la external yanu, ngati simukuizindikira itulutseni, lembaninso lamulo lomwelo, muone yomwe yasowa, ndi imeneyo. Pa mzere wakewo pali zinthu ziwiri zofunika kulemba papepala: FSTYPE, womwe ndi mtundu wa fomati ndipo ukhoza kukhala ntfs, exfat, ext4 kapena vfat, komanso UUID.

Apa mpomwe anthu ambiri amagwa, amatenga /dev/sdb1 n'kuika mu fstab chifukwa ndi yaifupi kulemba. Chonde musatero. Zilembo zimenezi Linux amazigawa malinga ndi disiki yomwe wayamba kuiona, lero external ndi sdb, mawa wina waiwala fulashi yake pa USB musanayatse makina, fulashiyo yasanduka sdb ndipo external yapita pa sdc, backup yanu yonse n'kumalowa mu fulashi ya kasitomala. UUID ndi nambala yomwe gawo la disiki limapatsidwa pofomata ndipo siisintha ngakhale muisinthe doko la USB kakhumi, imasintha pokhapokha mwafomatanso. Ya ext4 imakhala yaitali ya zilembo 36 kuphatikiza timizere, ya NTFS zilembo 16, ya exFAT ndi FAT32 yaifupi, zinayi kamzere zinayi. Mukhozanso kuiona ndi sudo blkid, koma samalani poti kumeneko kumatulukanso PARTUUID yomwe ndi chinthu china, ife tikufuna yolembedwa UUID. Musaitaipe ndi manja, ikopeni ndi mausi, mu Terminal kukopa ndi Ctrl+Shift+C ndipo kumata ndi Ctrl+Shift+V.

Chachiwiri, pangani foda yomwe disiki izikhalapo. Ine yanga ndinaitcha nkhokwe:

sudo mkdir /mnt/nkhokwe

Dzina likhale lopanda mpata pakati. Mu fstab mpata umatanthauza kuti gawo latha layamba lina, nde dzina la mawu awiri limafuna kulemba \040 pakati pake, chomwe ndi kudzivutitsa chabe.

Foda ikadali yopanda kanthu chonchi, chitani ichi chomwe ndikanachidziwa kale sindikanavutika ulendo wa kumaliro uja:

sudo chattr +i /mnt/nkhokwe

Lamulo ili limaikhoma foda kuti pasalembedwe kanthu, ngakhale root, akaunti yokhala ndi mphamvu zonse pa Linux, salembapo. Disiki ikamauntidwa pamwamba pake zonse zimayenda bwinobwino poti mukulemba mu disiki osati mu foda ya pansiyo, koma tsiku lomwe external yalephera kumauntidwa pulogalamu iliyonse yofuna kuikamo mafayilo imakanidwa pompo, m'malo modzadza disiki ya mkati mwakachetechete. Chitani izi disiki isanamauntidwe pa fodayo. Mukadzafuna kuifufuta foda mtsogolo muyambe mwaikhomola ndi chattr -i.

Chachitatu, sungani kope ya fstab musanaigwire:

sudo cp /etc/fstab /etc/fstab.bak

Sekondi imodzi yokha, musadumphe.

Tsopano tsegulani fayiloyo:

sudo nano /etc/fstab

Muona mizere ina yomwe ilipo kale, ya disiki ya mkati, ya /boot/efi, mwina ya swap. Imeneyo musaikhudze ngakhale chilembo chimodzi. Tsikirani pansi penipeni ndi kabatani ka muvi, yambani mzere watsopano. Mzere uliwonse uli ndi magawo 6 otsatana: disiki, foda, mtundu wa fomati, zosankha, kenako manambala awiri.

Ngati external ndi ya ext4 mzere wake ndi wotere, pomwe ndalemba NAMBALA-YANU muike UUID yomwe munakopa ija:

UUID=NAMBALA-YANU /mnt/nkhokwe ext4 defaults,nofail,x-systemd.device-timeout=10s 0 2

Ngati ndi ya NTFS, ndipo ma external ambiri omwe anazungulirapo m'makompyuta a Windows amakhala otere:

UUID=NAMBALA-YANU /mnt/nkhokwe ntfs-3g defaults,nofail,uid=1000,gid=1000,umask=022,x-systemd.device-timeout=10s 0 0

Ya exFAT ndi chimodzimodzi ndi ya NTFS, mungosintha mawu akuti ntfs-3g kukhala exfat. Onetsetsani kuti pa zosankhazo pali makoma okha, osaika mpata pambuyo pa koma, ndipo zonse zikhale pa mzere umodzi ngakhale foni yanu ikukuonetsani ngati mizere iwiri.

Ndikufuna ndikhalitse pa mawu akuti nofail chifukwa ndi omwe amapulumutsa. Mukapanda kuwaika, Linux amaitenga external ngati disiki yomwe sangayake popanda iyo. Nde tsiku lomwe mwaitenga kupita nayo kunyumba, kapena kebo yakhwefuka pang'ono wina akusesa, kompyuta imaima pa sikirini yakuda n'kumawerenga mpaka mphindi imodzi ndi masekondi 30 ikudikira disikiyo, ikatero n'kugwera mu emergency mode, kulibe desktop kulibe chilichonse. Wantchito yemwe watsegula shopu m'mawa amangoganiza kuti makina afa. Ndi nofail makina amayesa, akaipeza amaimaunta, akapanda kuipeza amapitirira kuyaka ngati palibe chachitika. Kanthu kena ka x-systemd.device-timeout=10s kakungonena kuti asaidikire kupyola masekondi 10. Ngati external yanu ndi zija zazikulu za adaputala yakeyake zomwe zimachedwa kudzuka mpaka mumazimva zikuyamba kulira, ikani 30s.

Za uid ndi gid: NTFS ndi exFAT sizisunga umwini wa mafayilo momwe Linux amachitira, nde mukapanda kunena mwini wake disiki yonse imatengedwa ngati ya root, ndipo makamaka pa exFAT mudzangoona kuti mukutha kuwerenga koma kuseva ikukana. Akaunti yoyamba pa Ubuntu ndi Mint imakhala 1000, koma tsimikizani polemba id mu Terminal, itulutsa manambala anu. Umask ya 022 ikutanthauza kuti inu mukhoza kulemba, ena angowerenga. Manambala awiri a kumapeto, loyamba lisiyeni pa 0, ndi la pulogalamu yakale ya backup yomwe masiku ano anthu saigwiritsanso ntchito kwenikweni. Lachiwiri ndi lofufuza disiki poyaka: 2 pa ext4, 0 pa NTFS ndi exFAT. Nambala 1 ndi ya disiki yomwe pali Linux yokha.

Mukamaliza dinani Ctrl+O kenako Enter kuti museve, Ctrl+X kuti mutuluke.

Musaristate. Ndikubwereza, musaristate kaye. Yesani mzere wanu makina akadali oyaka, poti ngati pali cholakwika muchiona pano muli ndi desktop ndi intaneti m'manja. Ngati external inadzimaunta kale ku /media itsitseni kaye, sudo umount /dev/sdb1 kapena dzina lomwe yanu ili nalo pakali pano, kenako lembani izi motsatana:

sudo systemctl daemon-reload

sudo findmnt --verify

sudo mount -a

Loyamba limauza systemd, pulogalamu yoyang'anira kuyaka kwa makina, kuti awerengenso fstab, lachiwiri limafufuza zolakwika m'fayilomo, lachitatu limamaunta zonse zomwe zalembedwamo. Mount -a ikangoti zii osanena kanthu ndiye kuti zayenda, koma poti taika nofail imathanso kukhala chete ngakhale UUID mwalakwitsa, nde musakhulupirire chete wake yekha, lembani df -h /mnt/nkhokwe muone ngati kukula komwe kwatuluka ndi kwa external yanu. Yanga ya 2TB imaonetsa 1.8T, musadabwe nazo, opanga ma disiki ndi kompyuta amawerenga mosiyana. Ikakuonetsani kukula kwa disiki ya mkati ndiye kuti sinamauntidwe, bwererani mukaone UUID. Ikanena za wrong fs type ndiye kuti mtundu wa fomati mwalemba wina kapena pulogalamu yake mulibe, ya NTFS mumaika ndi sudo apt install ntfs-3g.

A ext4, disiki itamauntidwa chonchi dzipatseni umwini kamodzi kokha:

sudo chown -R $USER:$USER /mnt/nkhokwe

Kenako yesani kupanga kafayilo mkatimo n'kukafufuta. Zikatheka ristatani tsopano, ndipo muyese kawiri, koyamba external ili m'malo, kachiwiri mutaizula. Kuyesa kwachiwiriku anthu amakunyozera koma nkomwe kumakuuzani ngati nofail yagwira. Mukailowetsa makina atayaka kale ndipo siikuoneka, sudo mount /mnt/nkhokwe imaibweretsa. Pofuna kuizula makina ali oyaka muyambe ndi sudo umount /mnt/nkhokwe, dikirani kagetsi kake kasiye kuphethira.

Mwina mudabwa kuti siikuonekanso kumbali kwa Files momwe inkachitira kale. Zinthu za mu /mnt sizionetsedwa kumeneko, onjezani x-gvfs-show pa zosankha zija ibwerera.

Amene Terminal imawaopsa, pali pulogalamu yotchedwa Disks pa Ubuntu ndi Mint. Sankhani external, dinani kabatani ka zosankha pansi pa gawo lake, pitani pa Edit Mount Options, thimitsani User Session Defaults, chongani Mount at system startup, pa Identify As sankhani ya UUID ndipo pa Mount Point lembani foda yanu. Iyonso imangolemba mzere mu fstab momwemo, nde mukatero katseguleni fayiloyo muone zomwe yalemba, onetsetsani kuti nofail ilipo, ndipo a NTFS ndi exFAT muwonjezere uid ndi gid nokha.

Tsopano nkhani ya NTFS ndi Windows, yomwe imasowetsa anthu mtendere. Zonse mwachita bwino, sabata yatha ikuyenda, kenako mnzanu wabwereka external kukakopera mafilimu pa laputopu yake ya Windows, wabweza, mwadzidzidzi ikukana kumauntidwa kapena ikungowerengeka osalembeka. Fstab yanu ilibe mlandu. Chachitika n'chakuti inazulidwa osaitulutsa bwino, kapena Windows inathimitsidwa disiki ikadali momwemo. Kuyambira pa Windows 8 kuli chinthu chotchedwa Fast Startup, munthu akadina Shut down makina sathima kwenikweni, amakhala ngati agona, nde disiki imatha kutsala ndi chizindikiro chakuti ikadali pa ntchito, ndipo Linux akachiona amakana kulembamo dala kuti asaononge mafayilo anu. Mankhwala ake enieni ndi kuibwezera pa Windows, kutsegula Command Prompt ngati administrator, kulemba chkdsk E: /f ndi chilembo chake chenicheni, ikamaliza n'kuitulutsa ndi Eject. Pa Linux pali sudo ntfsfix -d /dev/sdb1 yomwe imachotsa chizindikirocho, imathandiza pa changu koma si yolowa m'malo mwa chkdsk, imakonza tinthu tating'ono tokha. Ngati kompyuta yanu ili ndi Windows ndi Linux pamodzi, thimitsani Fast Startup ku Control Panel pa Power Options mupumule.

Maganizo anga ndi awa, ngati external izikhala pa Linux moyo wake wonse ngati yathuyi, sungani mafayilo pena n'kuifomata ext4. Kuno magetsi amathima osatsanzika ndipo ext4 ili ndi journal, kaundula wa zomwe zikulembedwa pa disiki, yomwe Linux amaigwiritsa ntchito kukonza disikiyo yekha poyaka, simufunika kukasaka kompyuta ya Windows kwa aneba. exFAT ndi yabwino poyenda nayo pakati pa Windows, Mac ndi Linux, ndipo ma kernel a Linux, kutanthauza mtima wa Linux, akhala akuiwerenga okha kuyambira pa 5.4, koma ilibe journal, magetsi akathima ikulemba imavulala msanga, sindingaikepo ntchito ya makasitomala. FAT32 iwalani, siilola fayilo yoposa 4GB, vidiyo imodzi ya ukwati yakwana kale pamenepo. Kumbukirani kuti kufomata kumafufuta zonse ndipo UUID imasintha, nde mzere wa mu fstab muukonzenso.

Ngati zavuta kale ndipo mukuwerenga izi pa foni kompyuta ili pa sikirini yakuda ya emergency mode, mtima m'malo, mafayilo anu ali bwinobwino. Pa Ubuntu ndi Mint dinani Enter, mupatsidwa malo olembapo ngati root, lembani:

mount -o remount,rw /

cp /etc/fstab.bak /etc/fstab

reboot

Ngati kope ija simunasunge, tsegulani fstab ndi nano n'kuika chizindikiro cha # kumayambiriro kwa mzere womwe munawonjezera, mzere wotere makina amaudumpha. Pa Raspberry Pi ndi ma Debian ena imatha kukuuzani kuti akaunti ya root ndi yokhoma n'kukana kukupatsani malo olembapo. Zikatero a Pi chotsani memori khadi mukaiike pa kompyuta ina ya Linux mukonze fayiloyo kumeneko, a laputopu yatsirani pa fulashi yomwe munaikira Linux ija n'kukonza fstab ya pa disiki ya mkati.

Pali vuto lina lomwe limaoneka ngati la fstab pomwe ndi la mphamvu ya magetsi. Ma external ang'ono a 2.5 inchi amadya magetsi a pa USB, ndipo amafuna ambiri panthawi yomwe akuyamba kuzungulira, nthawi yomweyomweyo makina akuyaka. Doko la USB 2.0 linapangidwa kuti lizipereka 500mA, la USB 3.0 lija nthawi zambiri limakhala la buluu mkati limapereka 900mA. Mukaika khutu pa external n'kumva kuti tiki tiki tiki ngati ikufuna kuyamba koma ikulephera, isunthireni pa doko la buluu, sinthani kebo muike yaifupi yokhuthala, zija zotchipa zazitali zimataya mphamvu panjira. Pa Raspberry Pi gulani USB hub yokhala ndi adaputala yake. Ine ndinataya masiku awiri ndikusinthasintha mzere womwe unali wolondola kale, vuto linali kebo yomwe inathyoka mkati pafupi ndi mutu wake, ukaigwedeza pang'ono kagetsi kamathima.

A backup ya usiku ngati ine, kuwonjezera pa kukhoma foda kuja ikani mzere uwu pamwamba pa script yanu, kafayilo ka malamulo oyendetsa backup, usanafike pa lamulo lokopera la rsync kapena cp:

mountpoint -q /mnt/nkhokwe || exit 1

Ukutanthauza kuti ngati external palibe script iime pomwepo isakope kanthu. Ndipo ngati foda yomweyi mumaigawira makompyuta ena pa netiweki ndi pulogalamu ya Samba, dziwani kuti ndi nofail makina sadikira disiki asanayambitse mapulogalamu ena, nde nthawi zina pulogalamu imatha kuyamba external isanafike. Mukaona zimenezo onjezani x-systemd.automount pa zosankha zija, pamenepo disiki imamauntidwa nthawi yomwe chinthu choyamba chagogoda pa fodayo ndipo chogogodacho chimadikira mpaka itseguke. Mukasintha chilichonse mu fstab bwerezani kuyesa kuja, daemon-reload, findmnt, mount -a, df -h, kenako ristatani kamodzi external ili m'malo ndi kamodzi mutaizula.